Laimu wa pa Bwalo la Amalita

Bambo anga ankathira laimu.
Zimenezo ndinaziona ndi maso,
zinazi ndinachita kumva.

Akuti anabwera awiri, pachibale,
Salivu ndi Wenzu Zamiti,
kuchokera pa chilumba cha miyala chotchedwa Malita,
kumene ukaumenya mpira mopsa mtima
umakautola m'madzi.
Anatsika sitima pa Limbe ndi bokosi la masipanala.
Ena amvekere Ataliyana awa,
ena ayi, Agiriki.
Ku kalabu ya azungu anawayang'ana zikhadabo zakuda girisi
n'kuwauza kuti mipando yatha.
Ndiye anakwera mtunda wa ku Bangwe,
nakaima kunsi kwa Mpingwe
pathengo pomwe mbuzi zokha zinkadziwapo.

Zitsa anazula ndi anyamata a kunjanji,
Namakhwa, Likagwa, Saizi wa mano atatu,
malipiro ake tiyi wamkaka ndi mabanzi awiriawiri.
Magolo anali mapaipi a m'shedi
owotcherera usiku kapitawo atagona.
Mpira unali wa zingwe,
ukamwa mvula unkalemera ngati dzungu,
woumenya ndi mutu ankayamba waiwala kwawo.

Majezi anasoka Abiti Sumani pa makina opalasa,
theka loyera, theka lofiira,
pamtima kamtanda ka nsonga zisanu ndi zitatu.
Mayiwo anali Msilamu. Anasoka basi.
Anati nsalu sipemphera.

Wenzu ankagwira pagolo, wamfupi ngati mtondo,
akulalata m'chinenero chomwe palibe ankachimva
kupatula Abiti Sumani, amene ankagwira pakamwa,
ati mawu enawo akununkhira kumadrasa.
Salivu ankathamanga m'mbali mwa mzere
akukuwa, Eya! Eya!
Kwawo akuti ndiye kuti bwera, tiye.
Ife tinkangoti mzunguyu savuta, amavomera zilizonse.
Mpaka lero timu ikapanikiza
bwalo lonse limavomera.

Chikho tinatenga kamodzi.
Kunali chiperoni, golo linalo silinkaoneka.
Likagwa anagoletsa ndi bondo akugwa,
anamwalira akulumbira kuti anachita dala.
Chikhocho chinazungulira Bangwe pa lole ya malasha,
anthu anamweramo thobwa mpaka khutu limodzi linathyoka.

Wenzu anamutenga malungo, ali kumanda a ku Limbe.
Salivu anapita atachita imvi.
Anatumiza makalata awiri ofunsa za magolo
ngati tinawapaka penti.
Yachitatu analemba mwana wake.

Kenaka zaka zoonda.
Tinatsika ligi, n'kutsikanso.
Inabwera kampani ya sopo, inasintha dzina,
inabwera ya mabasi, inasinthanso,
zonse zinapita, anthu akungoti Amalita.
Bwalo linayamba kudyeka ngati chigumu:
uku chigayo, uku tchalitchi cha malata,
pomwe tinkamenyera kona pali okala ya makala.
Chikho chili kwa mdzukulu wa Saizi,
amasungiramo misomali.

Dzana kamnyamata kovala nambala seveni
kandifunsa, Amdala, kodi Malita ameneyu anali ndani?
Mnzake wayankha msanga, anali mkazi wa mwini timu,
ankagulitsa mandasi.
Ndinatsegula pakamwa, ndinatseka.
Chilumbacho nanenso sindinachionepo,
ngakhale pa mapu chimabisala pansi pa chala.

Loweruka ndimadzuka kusanache
ndi chitini chomwe bambo anaboola ndi msomali.
Laimu anakwera mtengo,
masiku ena ndimathira phulusa la ku chigayo cha njerwa,
limauluka theka loyamba lisanathe.
Ndimayenda chowerama, mawondo akulira,
kuchokera ku golo la kumtunda.
Cha pakati mzere umakhota pang'ono.
Oyimbira mpira amadandaula chaka ndi chaka.
Pamenepo panali chitsa cha mbawa
chomwe chinakanika Namakhwa, chinakanika Azamiti onse awiri,
bambo ankangochilambalala.
Chinaola ndisanakwatire.
Ine ndimachilambalalabe.